Matepi akale a kompyuta asafe ndi zomwe anasunga

Aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya Computer Studies akukumbukira mndandanda uja wa zipangizo zosungiramo zinthu: hard disk, CD, fulashi, memori khadi, ndipo kumapeto kwenikweni, magnetic tape. Ophunzira anga amauloweza bwino mndandandawu. Pamayeso amalemba kuti tepi ndi yotsika mtengo, imasunga zambiri, koma imachedwa chifukwa kuti ufike pakati umayenera kudutsa poyambira. Amakhoza ndithu. Koma ukawafunsa kuti tepiyo imaoneka bwanji, amangoyang'anana. Ambiri amaganiza za kaseti ya nyimbo ija makolo awo ankaipota ndi bolopeni ikatafunidwa ndi wailesi.

Sakuphonya kwenikweni, chifukwa mfundo yake ndi imodzimodzi: kalamba kopyapyala ka pulasitiki kopakidwa timchenga ta maginito. Koma sabata ino, okondedwa awerengi, ndati tikambe za matepi a kompyutawa ngati nkhani yotikhudza lero. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mpaka kulowa m'ma 2000, maofesi omwe anali ndi makompyuta n'kumasamala za ntchito yawo ankakopera mabuku awo pa tepi madzulo, kapena Lachisanu anthu akamaweruka. Malipiro a antchito, ndalama za penshoni, ngongole za alimi, kaundula wa odwala, zonsezi zinkapita pa tepi. Ankalembapo tsiku ndi cholembera n'kuiponya m'kabati. Makompyuta aja anafa kalekale, ena anagulitsidwa ngati zitsulo, koma matepi, poti ndi aang'ono ndipo salira malo, m'maofesi ena akadali m'katoni pansi pa mulu wa mafayilo.

Ndiye taganizirani bambo wachikulire amene wafika pa ofesi kudzafuna umboni woti anagwirapo ntchito kuyambira chaka chakutichakuti, poti mapepala ake anadyedwa ndi chiswe kapena anapita ndi madzi osefukira. Akalaliki asakatula m'mafayilo onse, palibe chomwe apeza. Mwina dzina la bamboyo ndi nambala yake ya ntchito zili m'katoni muja, pa tepi yomwe palibe angaitsegule. Bamboyo abwerera kumudzi chimanjamanja, atawononga ndalama ya thiransipoti, umboni wake uli mamita awiri kuchokera pomwe anaima.

Kuti tepi iwerengeke pamafunika zinthu zitatu. Choyamba ndi tepiyo, ikhale yosaonongeka. Chachiwiri ndi makina ake, omwe pa Chingerezi amati tape drive, ndipo akhale a mtundu womwewo wa tepiyo. Chachitatu ndi chomwe ambiri sachidziwa, dzina lake dalaivala. Musaganize za wa minibasi. Pa kompyuta, dalaivala ndi kapulogalamu komwe kamaima pakati pa kompyuta ndi chipangizo chilichonse chomwe mwalumikizako, kaya ndi pulinta, kamera kapena makina a tepi. Ntchito yake ili ngati ya womasulira m'khoti. Woweruza akulankhula Chingerezi, mboni ikulankhula Chisena, ndipo womasulira akapanda kubwera mlandu umaimitsidwa ngakhale onse awiri ali bwinobwino m'chipindamo.

Vuto la makina akale ndi loti omasulira awo ambiri anali antchito a kampani. Kampani yopanga makinawo inkalemba dalaivala wa DOS kapena Windows 95, n'kubisa kalembedwe kake. Kampaniyo ikagulidwa ndi ina, kapena ikangoona kuti pa makina akalewo sipakutulukanso phindu, imasiya kukonza dalaivala uja. Windows yatsopano ikabwera, makina aja amasanduka chitsulo chosalankhula, chonsecho injini yake ikuzungulira bwinobwino.

Apa m'pamene pamalowera mapulogalamu omwe amatchedwa open source, kutanthauza kuti kalembedwe kake konse kali poyera. Aliyense ali ndi ufulu wokawerenga, kukakonza ndi kugawira ena. Wotchuka kwambiri ndi Linux, yomwe Linus Torvalds anaiyamba ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland mu 1991. Madalaivala a Linux amalembedwa poyera, ndipo ngakhale amene anawalemba atopa kapena amwalira, zolemba zake zimatsala kuti wina adzapitirize. N'chifukwa chake anthu ambiri opulumutsa zinthu za m'matepi akale amayamba ayika Linux pa kompyuta asanachite china chilichonse.

Musanagwire kompyuta, yambani mwadziwa mtundu wa tepi yomwe muli nayo, chifukwa matepi ali ndi mafuko awo ndipo sakwatirana. Pali a QIC, omwe kampani ya 3M inawayambitsa mu 1972. Awa mudzawadziwa ndi chitsulo chokhuthala cha aluminiyamu kunsi kwake. Aang'ono a fuko limeneli, a QIC-40 ndi QIC-80, anafala kwambiri m'maofesi ang'onoang'ono kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Tepi yolembedwa DC2120 inkasunga 120 MB, zomwe lero sizikwana ngakhale vidiyo imodzi ya ukwati, koma nthawi imeneyo munkalowa mabuku onse a ofesi. Pambuyo pake panabwera abale ake a Travan. Pali a DDS, omwe ambiri amangoti DAT, aang'ono kuposa kaseti ya nyimbo, omwe Sony ndi HP anawatulutsa mu 1989. A DDS-2 amasunga 4 GB, a DDS-3 12 GB, a DDS-4 20 GB. Pali a DLT, amakona anayi, okhala ndi gudumu limodzi lokha mkati. Ndipo pali a LTO, omwe anayamba mu 2000 ndi 100 GB ndipo akugwirabe ntchito mpaka lero m'mabanki ndi m'makampani akuluakulu. A LTO-9, omwe anatuluka mu 2021, amasunga 18 TB pa tepi imodzi.

Ngakhale m'fuko limodzi muli malire. Makina a LTO, kufikira m'badwo wachisanu ndi chiwiri, amawerenga matepi a mibadwo iwiri yam'mbuyo basi, ndipo a LTO-8 ndi LTO-9 amangowerenga m'badwo umodzi wam'mbuyo. Ndiye munthu amene wagula makina atsopano okwera mtengo poganiza kuti awerengera tepi ya 2003 wataya ndalama yake. Safunsa anadya phula.

Tiyambe ndi nkhani yabwino. Makina ambiri a DAT, DLT ndi LTO oyambirira amalumikizidwa ndi chingwe cha mtundu wa SCSI, womwe akatswiri amautchula kuti "sikazi". Ubwino wa SCSI ndi woti malamulo ake olankhulirana analembedwa poyera ndipo makampani onse ankatsata omwewo. Chifukwa cha ichi, Linux ili ndi dalaivala mmodzi yekha, dzina lake st, yemwe amalankhula ndi pafupifupi makina onse oterewa mosayang'ana kuti anapanga ndani. Dalaivalayu, amene Kai Mäkisara wa ku Finland wakhala akumusamalira kwa zaka zambiri, akadalimo mu Linux yomwe mungaike pa kompyuta lero.

Chomwe chimavuta pamenepa ndi zitsulo. Makompyuta a masiku ano alibe polowetsa chingwe cha SCSI, ndiye pamafunika khadi loika mkati, monga la Adaptec 2940, lomwe dalaivala wake alimo kale mu Linux. Khadi limeneli limalowa pa mpata wa mtundu wa PCI, womwe makompyuta atsopano ambiri alibenso, koma makompyuta akuluakulu aja amene masukulu ambiri analandira ngati mphatso zaka zapitazo ali nawo. Zingwe za SCSI zilipo za mapini 50 ndi za mapini 68, choncho muyang'anitsitse kumbuyo kwa makina anu musanaitanitse chingwe. Chipangizo chilichonse pa chingwecho chimakhala ndi nambala yakeyake, ndipo nambala 7 kawirikawiri imakhala ya khadi lija, ndiye makina a tepi muwapatse ina. Kumapeto kwa chingwe kumafunika kachotsekera kotchedwa terminator. Kakasowa, makina amaoneka lero mawa n'kusowa, munthu n'kuyamba kuganiza kuti afa pamene vuto ndi kachitsulo kochepa ngati bokosi la machesi.

Zonse zikalumikizidwa bwino, muyatse makina a tepi poyamba, kenako kompyuta. Linux ikawaona imawapatsa maina awiri, /dev/st0 ndi /dev/nst0. Kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa. Dzina loyamba limabweza tepi koyambirira nthawi iliyonse mukamaliza kuwerenga, pamene lachiwiri limaisiya pomwe yaimapo. Tepi imodzi ikhoza kukhala ndi zigawo zingapo zondondozana, monga za Lolemba, za Lachiwiri ndi za Lachitatu, zolekanitsidwa ndi kachizindikiro. Wogwiritsa ntchito dzina loyamba amangowerenga gawo la Lolemba mobwerezabwereza n'kumati tepi yonse ndi yomweyi. Lamulo la mt ndi lomwe limayendetsa makinawa. Mukalemba mt -f /dev/nst0 status, amakuuzani ngati muli tepi mkati, ngati ili koyambirira komanso ngati yatsekedwa kuti isalembedwe. Lamulo la dd ndi lomwe limakopera zonse za pa tepi kupita pa hard disk monga momwe zilili. Likakana ndi uthenga wonena za kuchepa kwa memori, kawirikawiri sikuti kompyuta yanu ndi yofooka. Ndiye kuti mwapempha kutunga ndi kachikho kakang'ono pamene tepiyo inalembedwa m'zidutswa zikuluzikulu. Mukulitse nambala ya bs mu lamulolo, muyesenso.

Tsopano tibwere ku nkhani yovuta, ya matepi aang'ono a QIC-80 ndi anzake. Kuti makinawa atsike mtengo, opanga ake anachita ukathyali wina wake. M'malo mowapatsa khadi lawolawo, anawalumikiza pa chingwe cha floppy, chija chathyathyathya cha mawaya 34 chomwe chinkapita ku malo olowetsera tidisiki takale. Makina monga Colorado Jumbo 250 ndi ena a Iomega Ditto anali otere. Kachipangizo koyendetsa floppy mkati mwa kompyuta sikadziwa kuti padziko pali chinthu chotchedwa tepi, ndiye pamafunika kukapusitsa. Waya womwe pa floppy umauza mutu wowerengera kuti usunthe sitepe imodzi, pa tepi umagwiritsidwa ntchito ngati ng'oma yotumizira uthenga. Dalaivala amagogoda kangapo motsatizana, makina a tepi n'kuwerenga kuti wagogoda kangati, ndipo nambala iliyonse ili ndi tanthauzo lake: bwerera koyambirira, ima, pita patsogolo, nena momwe ulili. Malamulo ogogoderawa amatchedwa QIC-117.

Mwaona tsono kuti pa makina otere ntchito yonse yanzeru ili mwa dalaivala. Ndiye amene amagawa tepi m'magawo a tizidutswa 32, kalikonse kosunga zilembo 1,024, pomwe 29 ndi ta uthenga weniweni ndipo titatu totsalato ndi tamasamu okonzera zolakwika. Masamu amenewa ndi omwe amapulumutsa tepi yokalamba: m'gawo limodzi tizidutswa titatu tikhoza kukanika kuwerengeka, dalaivala n'kuwerengera zomwe zinalipo kuchokera pa totsalato. Zonsezi zimachitika tepi ikuthamanga, ndipo dalaivala akangochedwa pang'ono, tepi imaima, kubwerera m'mbuyo n'kuyambanso, zomwe zimaiperepesa.

Dalaivala wa Linux wa makina amenewa dzina lake ndi ftape. Anamuyamba Bas Laarhoven wa ku Netherlands kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pambuyo pake Claus-Justus Heine wa ku Germany ndi amene anamukulitsa n'kumusamalira kwa nthawi yaitali. Koma matepi a floppy atatha fasho, ogwiritsa ntchito anachepa, womusamalira anasowa, ndipo Linux inkasintha mkati mwake chaka ndi chaka iye ali pomwepo. Pamene Linux 2.6.20 inkatuluka mu Febuluwale 2007, ftape anali atachotsedwamo.

Pamenepa tinene chilungamo, kuti tisamatamande open source ngati mankhwala ochiza matenda onse. Mapulogalamu amenewa amadalira anthu odzipereka, ndipo odziperekawo nawonso amakalamba, amapeza ntchito zina, kapena makina awo oyesera amawafera. Mu 2019 ngakhale dalaivala wa floppy yeniyeniyo analengezedwa kuti ndi wamasiye, chifukwa amene ankamusamalira analibenso makina ogwira ntchito oyesera, mpaka munthu wina anadzipereka kumutenga. Mu 2021 Linux inachotsanso gulu lonse la madalaivala akale a IDE, pamodzi ndi wa matepi amene anali m'gululo. Pulogalamu yopanda woisamalira imatsalira m'mbuyo, kaya ndi ya kampani kaya ndi ya aliyense.

Kusiyana kwake kuli pa zomwe zimatsala. Dalaivala wa kampani akasiyidwa, kalembedwe kake kamatsekeredwa m'kabati ya maloya ndipo palibe angakakhudze. Wa open source akachotsedwa, zolemba zake zonse zimakhalabe pa intaneti, mzere uliwonse, ndipo chilolezo chake cha GPL chimalola aliyense kuzitola. Ndiye amene ali ndi tepi ya QIC-80 lero ali ndi njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi yobwerera m'mbuyo. Mupeze kompyuta yakale yomwe ili ndi polumikizira floppy pa motherboard pake, muikepo Linux yakale ya m'badwo wa 2.4, yomwe ftape ankagwira nayo bwino. Ma Linux akalewa amapezekabe pa intaneti mwaulere. Kompyuta imeneyi musailumikize ku intaneti, chifukwa zotetezera zake zinatha ntchito kalekale. Ntchito yake ikhale imodzi basi, kukoka zinthu pa tepi n'kuziika pa disiki. Chenjezo lofunika: timakina ta floppy tolowetsa pa USB tomwe timagulitsidwa masiku ano sitingathandize pa ntchito imeneyi, chifukwa sitilola dalaivala kugogoda pa waya uja mwachindunji. Pamafunika polumikizira penipeni pa motherboard.

Njira yachiwiri ndi yokonza dalaivalayo kuti agwire pa Linux yamakono. Iyi ndi ntchito ya odziwa chilankhulo cha C komanso za mkati mwa Linux, koma yatheka kale. Mu 2025 katswiri wina wa mapulogalamu, Dmitry Brant, amene amakonda kupulumutsa zinthu za m'matepi akale, analengeza kuti wamudzutsa ftape kuti agwire ntchito pa Linux ya masiku ano, mothandizidwa ndi pulogalamu ya AI, ndipo anaika zomwe anakonzazo poyera. Patatha zaka 18 chichotsedwere, dalaivala uja anayambanso kuwerenga matepi. Zikanakhala kuti kalembedwe kake kanabisidwa, ngakhale AI yanzeru chotani ikanasowa poyambira.

Koma dalaivala wabwino sangaukitse tepi yomwe mwaidula nokha chifukwa cha phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tepi yomwe yakhala zaka 30 m'kabati, m'dziko lathu lino la fumbi la mu Okutobala ndi chinyezi cha mu Januwale, imafunika kuiyang'ana kaye musanaiike m'makina. Choyamba penipeni, sunthani kachotsekera kake kuti isalembedwe. Lamulo limodzi lolembedwa molakwika likhoza kufufuta zonse m'kanthawi kochepa, ndipo madzi akatayika saoleka. Kenako yang'anani pa kawindo kake ngati mkati muli chuku choyera. Tepi yachuku musaiike m'makina, chifukwa idzaipitsa mutu wowerengera n'kupatsira matepi ena onse otsatira.

Matepi a QIC ali ndi matenda awoawo. Mkati mwake muli lamba wotanuka amene amazunguza magudumu onse awiri. Lambayu akakalamba amaduka, kapena amamatirira pa tepi pomwe wakhala atagonapo zaka zonsezi, ndipo mukaizunguza mwamphamvu amasenda timchenga ta maginito tomwe tasunga uthenga. Odziwa ntchitoyi amatsegula tepiyo mosamala n'kusintha lambayo ndi wina wochokera pa tepi yabwino. M'makinamo namo muli kagudumu ka mphira komwe kamakankha lamba uja. Pa makina ambiri akale mphirayu anasungunuka n'kukhala ngati phula, ndipo akakhudza tepi amaipaka zakuda. Mukagwire ndi chala kagudumuko musanaike tepi iliyonse. Palinso kamaso kakang'ono komwe kamaona timabowo ta kumapeto kwa tepi kuti makina aime. Kakatsekedwa ndi fumbi, makina amangokoka mpaka tepi yonse kuvuuka pa gudumu. Kupukuta kamasoka, komanso mutu wowerengera ndi kathonje konyowetsa mu isopropyl alcohol, ndi ntchito ya mphindi zisanu yomwe imapewetsa misozi.

Makina muyambe mwawayesa ndi tepi yopanda ntchito. Ndipo poti kuno magetsi amatha kuzima nthawi iliyonse, musayambe kuwerenga tepi yofunika popanda UPS kapena batire la sola lodalirika. Mukaiika tepi yeniyeniyo, muiganizire ngati mboni yokalamba yomwe mwina ilankhula kamodzi kokha. Musayambe kusakasaka fayilo imodzi mukupita uku ndi uku. Koperani zonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, gawo ndi gawo, musunge m'malo awiri osiyana, tepiyo muibwezere m'bokosi lake. Zofufuza zonse muzichitira pa zomwe mwakoperazo.

Mukafika pamenepa musayambe kuvina, chifukwa patsala mtsinje wina woti muwoloke. Zomwe mwakopera zinalongedzedwa ndi pulogalamu ina yake, ndipo pulogalamu iliyonse inali ndi kamangidwe kake ka mtolo. Ngati ofesiyo inkagwiritsa ntchito tar, pulogalamu ya Unix yomwe ilipo kuyambira 1979, mwapata mwayi, chifukwa tar yomwe ili mu Linux lero imamasula mtolo umenewo popanda vuto. Ngati inkagwiritsa ntchito pulogalamu yokopera ya Windows NT, mtolowo uli m'kalembedwe kotchedwa MTF, ndipo pali timapulogalamu ta open source monga mtftar tomwe timausandutsa kukhala tar. Koma ngati inali pulogalamu ya kampani ina yomwe inkapanikiza mafayilo mwa njira yakeyake yobisika, kapena munthu wina anaikapo mawu achinsinsi n'kupita nawo kumanda, ntchito imakula kwambiri. N'chifukwa chake m'katoni muja musataye kanthu. Tidisiki ta pulogalamu, kabuku ka malangizo, ngakhale kapepala kolembedwa pamanja, zikhoza kukhala kiyi wa zonse.

Ena anena kuti zonsezi ndi zovutikira chabe, zakale zinapita. Ndiwakumbutse zomwe zinachitika ku America. Mu 1966 ndi 1967 bungwe la NASA linatumiza zombo zisanu za Lunar Orbiter kukajambula mwezi pokonzekera ulendo wa anthu. Zithunzizo zinasungidwa pa matepi pafupifupi 1,500, omwe ankawerengeka ndi makina akuluakulu a Ampex FR-900 okha. Patapita zaka makinawo anayamba kutayidwa ngati zitsulo, koma mayi wina wosunga zakale m'bungwelo, Nancy Evans, anasunga angapo kunyumba kwake kwa zaka zambiri. Mu 2008 gulu lotsogozedwa ndi Dennis Wingo ndi Keith Cowing linatenga makinawo n'kukawakonzera m'nyumba ina yomwe kale inali lesitilanti ya McDonald's ku NASA Ames, ku California. Mu Novembala chaka chomwecho anatulutsa chithunzi cha 1966 choonetsa dziko lathu likusuzumira kuseri kwa mwezi, chooneka bwino kuposa momwe anthu anachionera poyamba. Matepi amenewo anali a mtundu wina, koma phunziro ndi lomweli. Ngati bungwe lolemera chotero linatsala pang'ono kutaya chuma chake chifukwa chosowa makina owerengera, nanga ofesi ya m'boma lathu yomwe denga lake limadontha?

Ndiye tichitepo chiyani? Kwa akuluakulu a maofesi, mishoni, maesiteti ndi makopaletivi, pempho langa ndi loti mutume munthu akatsegule makabati aja sabata ino, alembe m'kope mtundu wa tepi iliyonse ndi zomwe zalembedwa pachikuto chake. Matepiwo muwaimike chilili m'mabokosi awo, pamalo ozizira ndi ouma, kutali ndi masipika ndi china chilichonse chokhala ndi maginito. Ogula zitsulo akabwera, musawapatse makina a tepi, makhadi a SCSI, zingwe zake, kapena kompyuta yomwe ili ndi polumikizira floppy. Adzakupatsani ndalama ya botolo la zakumwa pa chinthu chomwe kuchiitanitsa kunja kumafuna madola.

Sikuti ofesi iliyonse ikufunika kukhala ndi makina akeake. Mutu umodzi susenza denga. Tili ndi nthambi zophunzitsa za makompyuta ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo ndi ku Mzuni ku Mzuzu, ndipo tili ndi National Archives ku Zomba komwe ntchito yawo ndi kusunga mbiri ya dziko. Tebulo limodzi lokhala ndi makompyuta awiri akale, makina a tepi a mitundu inayi kapena isanu ndi Linux, likhoza kutumikira dziko lonse. Wophunzira wa chaka chomaliza amene angakonze dalaivala mmodzi wakale n'kubweza zomwe wakonzazo kwa anzake padziko lonse, adzakhala ataphunzira za mkati mwa kompyuta kuposa amene wangoloweza manotsi, ndipo dzina lake lidzalembedwa m'pulogalamuyo.

Pochita zimenezi tisaiwale kuti za m'matepimo ndi za anthu enieni, malipiro awo, matenda awo ndi ngongole zawo. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu. Tepi ya ofesi si yopatsa mnyamata aliyense wa pamsika amene wati amadziwa makompyuta. Pakhale kalata, padziwike amene wawerenga, ndipo zokoperazo zibwerere kwa eni ake.

Pomaliza, funso lomweli tidzifunse pa zomwe tikusunga lero. Magiredi a ana, maina a mamembala a banki m'khonde, zithunzi za maliro ndi maukwati, zonse zili m'mafoni, m'mafulashi ndi m'mapulogalamu omwe sitidziwa kuti eni ake adzakhalapo mpaka liti. Pogula pulogalamu ya ofesi kapena ya sukulu, funsani wogulitsayo ngati zomwe mwasungamo mungathe kuzitulutsa m'kalembedwe kodziwika ndi aliyense, monga CSV, PDF kapena tar. Akayamba kuzungulirazungulira poyankha, sungani ndalama yanu. Ndipo pakatha zaka zisanu zilizonse, samutsirani zinthu zofunika pa chipangizo chatsopano chakale chija chikadawerengeka.

Amene muli ndi matepi otere ndipo simukudziwa mtundu wake, lemberani kudzera kwa mkonzi, mutchule zilembo ndi manambala onse omwe asindikizidwa pa tepiyo. Ndidzayankha patsamba lomwe lino. Sabata yamawa tidzakamba za mabatire a sola m'masukulu athu, ndi chifukwa chomwe ambiri amafera asanathe zaka ziwiri.